Tsiku Limene Nanzikambe Anasiya Kukukuta Mano

Pa Malowera panalibe munthu wosadziwa Nanzikambe. Uyu sanali nanzikambe wa m'tchire ayi, inali kompyuta ya a Hilário Daka, chibokosi chakuda chimene anachokera nacho ku Joni atachikumbatira pamiyendo ulendo wonse, chifukwa sankakhulupirira anyamata opakira katundu. Kompyutayo ndiyo inkathira nyimbo ndi mafilimu m'makadi a mafoni a anthu, kuyambira kumalire a Zambia mpaka ku Chipera. Koma ukalamba unali utaigwira m'mawondo. Ukaiyatsa unkatha kupita kumjigo, kusamba, kudzola, kubwerera, n'kuipeza ikuganizabe ngati idzuke kapena ayi. Ikayamba ntchito inkalira m'mimba, ke-ke-ke, khrrr, ngati nkhalamba yokukuta mano kutulo.

Ndiye panabadwa mwambo. Wofuna nyimbo ankasiyidwa pampando kuti alondere Nanzikambe, kuopa kuti wina angazule chingwe pa batire n'kutchajapo foni yake ntchito ili pakati. Kulondera kunkadya m'mawa wathunthu. Anthu ankabwera ndi nzimbe zawo, ena ndi ulusi wolukira, ndipo akuti banja lina la ku Chiputo linayambira pampando womwewo.

Dzina limeneli linkawabaya a Hilário. Munthu woti anagulitsapo matemba ku Lusaka, anatsitsapo matumba padoko la ku Beira, anakonzapo mawailesi ku Joni mzungu ataima pambali n'kumagwedeza mutu. Munthu woti anachoka pa Malowera ndi kabudula mmodzi n'kubwerako ndi malata, masola ndi baraka, kasitolo kopaka utoto wabuluu. Ameneyo n'kumasekedwa ndi ana oti sanaonepo ngakhale mlatho wa pa Zambezi!

Lachisanu anabwera kuchokera ku Tete ndi kanthu m'thumba la kazaku, jekete lawo lija, kopyapyala ngati bisiketi, kopepuka ngati kalibe kanthu m'kati. Inali disiki ya mtundu watsopano, ija amati SSD. Loweruka masana anatseka baraka, n'kuuza anthu kuti mutu ukuwawa. Anamasula nthiti ya bokosilo, anapemerera fumbi la zaka ndi pampu ya njinga, analumikiza katsopanoko pambali pa disiki yakale. Kenaka anayamba kusamutsa zonse, nyimbo, mafilimu, zithunzi za maukwati, ndi ubongo womwe wa kompyutayo, kuchoka m'nyumba yakale kulowa m'yatsopano. Nkhalamba ija inakukuta mano komaliza mpaka dzuwa kufiira. Itatha ntchito, anaizula. Katsopanoko kanalibe pomangirira m'bokosi lachikalelo, ndiye anakamanga ndi mphira ya chubu, mmene timamangira nkhuku pa njinga.

Anadina batani. Asanabweze dzanja m'thumba, galasi linali litayera kale. Phokoso? Zii. M'kati mwa katsopanoko mulibe chozungulira, mulibe singano, mulibe mano.

A Hilário anavina okha pakati pa baraka ataluma kolala kuti asakuwe. Anatsimikiza mtima: mawa, anthu akatuluka m'tchalitchi, msika utadzaza, adzaitana Malowera yense adzaone. Mpaka nthawi imeneyo, pakamwa tseke. Ngakhale akazi awo, mayi Judite, sanawauze, pakuti mayi Judite akamva nkhani m'mawa, masana imakhala itafika ku Fingoé osakwera galimoto. Disiki yakale anaikulunga m'kampango n'kuiponya m'thumba la kazaku wa kutchalitchi. Kwa munthu ngati a Hilário, kusunga chinsinsi chotere kunali kuvumata khala lamoto.

*

Lamulungulo linali la masika. Aliyense anapita kutchalitchi ndi chopereka chake, ndipo a Hilário analawirira, akukoka tonde wonenepa pakati pa msewu kuti pasapezeke wonena kuti sanamuone. Mapemphero anatalika monga amatalikira a masika. Pabenchi anapanikizana ndi a Mário ogulitsa nzimbe, amene ankangodzikoka akugwira m'nthiti. Dzanja la a Hilário linkangolowa lokha m'thumba, kufuna kutulutsa kampango kaja, koma ankalibweza ndi pemphero.

Anthu akutuluka, moni asanathe, kunamveka mfuu kuseri kwa msika.

"Mayo ine! Andidula manja! Andidula manja ine!"

Anali mayi Georgina, telala wamasiye amene ankasoka mayunifomu a sukulu yonse. Chitseko chawo chinali chokanulidwa ndi chitsulo. Tebulo la makina osokera linali pamalo pake, chopondera chili pomwepo, lamba ali lende. Koma mutu wa makinawo, chitsulo chakuda cha maluwa agolide chimene anawasiyira malemu amuna awo, unali utapita.

A Hilário asanafike n'komwe, anakumana ndi Stélia, mwana wa malemu mlongo wawo, akuthamanga mpango uli m'manja.

"Atsibweni, amugwira! Amugwira Nelito! Akuti kamyau ya ku Fingoé ikamanyamuka madzulo ano apita nayo!"

Nelito anali mnyamata wokulira ku Petauke, kumene makolo ake anathawira nkhondo n'kuchedwa kubwerako. Anaphunzira utelala kumeneko, koma makina analibe. Ukwati wake ndi Stélia unali mwezi wamawa, ndipo amene anauvomereza, amene anayenda msika wonse akudziguguda pachifuwa kuti mkamwini ameneyu ndamusankha ndine, diso langa silinama, anali a Hilário omwewa. Pa Malowera munthu akakwera kamyau, lole yopita kuboma ku Fingoé, manja ali kumbuyo, ngakhale abwereko mawa lake, amakhala wakuba mpaka imvi. Ukwati ukanafera pomwepo.

"Pukuta misozi, mwana wa mlongo wanga," anatero akumanga batani la kazaku. "Ine ndinatulutsapo munthu m'manja mwa apolisi a ku Joni, oyenda ndi agalu aakulu ngati ana a ng'ombe. Tiye."

*

Shefi Ilídio, wapolisi wa pamalopo, anali atatulutsa tebulo lake pansi pa mtengo wa mango, chifukwa khamu silikanakwana m'kaofesi kake. Anali munthu wa mawu ochepa ndi nkhope yotopa. Nelito anali atakhala pansi, manja omangidwa ndi chingwe cha njinga yake yomwe.

"Mayi Georgina, yambani."

"Ine shefi ndinatseka bwinobwino, kiyi nayu pampango. Makina amenewo malemu anagula titangokwatirana, chaka cha dzombe chija, ndalerera ana anga onse, ngakhale diresi la ukwati wa Stélia yemweyu ndinali nditadula kale, lili pamphasa, nsalu yake yoterera, ukaigwira molakwika…"

"Mukukayikira ndani?"

"Ine sindikayikira munthu, ndine mkhristu. Koma mnyamata uyu Lachinayi anabwera kudzandithirira mafuta m'makinamo. Anawasisita ngati akusisita khanda. Anati, amama, tsiku lina ndidzakhala ndi anga otere. Koma ine sindikayikira munthu."

Shefi anatembenukira kwa Nelito.

"Kutchalitchi sunapite. Chifukwa?"

"Ine nimapemphera Loweruka, bwana."

"Anthu akuti unali ndi thumba panjinga."

"Nshawa, bwana. Mtedza. Ninakapereka kwa wogula wa ku Zambia pamphambano."

"Ali kuti wogulayo?"

"Anapita, bwana. Galimoto inali yodzala kale."

"Dzina lake?"

"Timangowaitana kuti a Mtedza."

Khamu linaseka, ndipo kuseka kwake kunali koipa. Stélia anabisa nkhope kumsana kwa atsibweni ake.

"Mboni," anatero shefi.

Anatulukira Edmilson, mnyamata wonyamula anthu pa mota, njinga yamoto yofiira, magalasi akuda ali pamphumi, kiyi akuizungulitsa pachala.

"Epa, shefi, ine sindifuna kumuipitsira mnzanga, koma maso sapempha chilolezo. Ndinamuona. Ndinali pazenera la baraka ya a Hilário. Anadutsa ndi njinga, thumba kumbuyo, akupalasa ngati wathamangitsidwa ndi njuchi. Ndipo inu shefi, thumba la mtedza limakhala ndi ngodya?"

"Unkatani m'baraka anthu ali kutchalitchi?"

"Ndimalondera Nanzikambe, shefi! Funsani mayi Judite, ndi amene anandisiya pampando. Mota yanga yakhala pakhomo m'mawa wonse, aliyense waiona."

Mitu inagwedezeka. Mota yofiirayo aliyense anaidutsa popita, aliyense anaidutsanso pobwera.

"Sunatulukeko?"

"Nditulukire kuti? Nanzikambe mukumudziwa. Ndakhala pamenepo mpaka matako kuchita dzanzi, iye ke-ke-ke, khrrr, ke-ke-ke, mutu kuchita kundiwawa. Kamzere kobiriwira ka pagalasi kaja kakukwawa ngati nkhono yodwala. Wamaliza pamene mumaimba nyimbo yotulukira."

Anthu anafa nacho chiseko, pakuti anamutsanzira Nanzikambe bwino kwambiri. Amene sanaseke anali mmodzi. A Hilário anali ataima chilili, dzanja lili pathumba la kazaku, pamene panali chitsulo chozizira chokulungidwa m'kampango.

Magazi anawauza kuti lumphani, kuwani, muvuleni pomwepa. Koma anakumbukira asodzi a pa Cahora Bassa amene anagona nawo pagombe chaka china: nsomba ikangolawa nyambo sukoka, umaisiya imeze.

"Shefi, mundilole ndimufunse mwanayu kamodzi," anatero ndi mawu ofewa oti ngakhale akazi awo sakanawazindikira. "Edmilson mwanawe, wati lero walira kwambiri?"

"Kuposa masiku onse, mdala. Kagulenitu ina. Imeneyi yatha."

"Zikomo. Ndamva."

Anawerama pakhutu la shefi. "Musamukweze mnyamatayu ndisanabwere."

"Kamyau sidikira munthu, a Daka. Akamaliza kupakira chimanga, purontu, yanyamuka."

*

Mayi Judite anali pakhonde la baraka akuvula nsapato za kutchalitchi.

"Amake Marta, m'mawa uja munachita chiyani ndi Edmilson?"

"Ndichite naye chiyani? Funsani bwino, bambo a Marta, anthu angamve."

"Ndikunena za kompyuta, mayi."

"Anandipeza ndikutseka, nditachedwa kale, kwaya ikundidikira. Akuti akufuna nyimbo za ku Kongo zonse zija. Kompyuta munaisiya yoyaka. Ndinalowetsa kadi, ndinakoka nyimbozo mmene munandiphunzitsira, ndinakoka chitseko, ulendo."

"Simunayang'ane kuti zikuyenda bwanji?"

"Ndiyang'ane Nanzikambe? Ndasowa ntchito? Amayang'ana Nanzikambe ndi anthu opanda kwaya."

"Simunamve chachilendo?"

"Ndinamva belu la tchalitchi, ndi mtima wanga ukundiuza kuti a Odete a m'kwaya ayambitsa nyimbo yanga."

"Nanga pobwera?"

"Ndinamupeza pampando, thukuta lili kamukamu ngati wachokera kodula mitengo. Ndinati kodi kulondera kwayamba kutulutsa thukuta? Akuti kwatentha. Mwezi uno wa chisanu! Kenaka mfuu ya a Georgina, iye n'kuthamangira komweko. Ndi kadi yomwe anaisiya. Ndinamukuwira, akuti adzatenga madzulo, adzadzera khomo lakuseri ndi mota."

"Lakuseri?"

"Akuti kutsogolo kumachuluka ana. Inu mukufunsiranji ngati wapolisi? Ndipo n'chiyani chikukoka kazaku wanu mbali imodzi kuyambira m'mawa?"

A Hilário anayamba kuwerengera mumtima. Munthu wadikira nyimbo m'mawa wonse, matako kuchita dzanzi, n'kusiya kadi? N'kufuna kudzaitenga pa mota, kuseri, kadi yoti imakwana pansi pa chikhadabo?

Analowa m'kachipinda kakumbuyo. Khomo lake limatulukira kunthochi, ndipo kanjira ka m'nthochimo kamakathera kuseri kwa nyumba ya mayi Georgina. Mpiringidzo unali wotseka bwino. Koma pakona panali jelera yakufa, firiji ija inasiya kuziziritsa zakumwa chaka chatha, imene tsopano ankasungamo matumba opanda kanthu. Fumbi la pachivundikiro chake linali ndi zala za munthu. Pansi panali kadontho ka mafuta. Ndipo pamlomo wa chivundikirocho panatuluka kaulusi koyera, kakugwedera ndi mphepo ngati kakuwakodola.

Dzanja linapita lokha, koma analigwira ndi linzake. Akatsegula okha, mawa wina adzati anaikamo ndi iwo pofuna kupulumutsa mkamwini. Komanso kunena zoona, chinthu chokoma chotere a Hilário sakanachidya popanda anthu oonerera.

"Amake Marta! Bwerani mudzakhale pa jelera apa. Musadzukepo ngakhale kubwere bishopu."

"Mwapenga?"

"Khalani, mayi. Lero muona mwamuna amene munakwatiwa naye."

*

Kamyau inali itatsala matumba ochepa pamene a Hilário anatulutsa tebulo pakhonde la baraka, anaikapo kompyuta, n'kuyamba kumenya chitsulo cha pulawo ndi sipanala.

"Malowera! Bwerani kuno! Osiya mphika asiye, osiya bawo asiye! Shefi, bwerani ndi anyamata onse awiri! A Georgina, lekani kulira, misozi isungeni, muifuna posachedwa pa chimwemwe!"

Khamu linasefukira pakhomo. Shefi Ilídio anafika akukoka Nelito, Edmilson akutsatira, akuseka ndi anzake.

"A Daka, ngati ndi masewera…"

"Shefi, ine ndaimapo pamaso pa akuluakulu a padoko la Beira, sindinasewerepo. Mboni yanu yanena kuti yakhala ndi Nanzikambe m'mawa wonse. Ndiye tiyeni timufunse mwini wake. Mukuona ndamuzimitsa. A Mário, tengani nthochi iyi. Ndikadina apa, inu yambani kusenda."

"Ndisende mkoko wonse kapena?" anafunsa a Mário, anthu n'kuseka. "Ameneyu podzuka ndikhala nditabzala ina, yabereka."

A Hilário anadina. A Mário anatsitsa khungu limodzi, lachiwiri, anatsegula kukamwa kuti alume, ndipo kukamwako kunatsala chotsegula. Galasi linali litayera, tizithunzi tonse tili m'malo mwake, tikudikira.

"Aaa!"

"Ndi yomweyi?"

"Mankhwala awa!"

"Si mankhwala, ndi kuyenda!" anakuwa a Hilário, chifuwa chili patsogolo. "Mukamakhala pamodzimodzi ngati chitsa muziti zonse ndi mankhwala. Tsopano nayi kadi ya Edmilson, imene waiiwala ataidikira m'mawa wonse. Ndikufufuta zonse. Ndikuthiramonso nyimbo zomwezo za ku Kongo, zonse, osasiyako. A Mário, tafunani mfundo imodzi ya nzimbe. Ena nonse khalani chete. Chete! Ndikufuna mumve kulira kwa Nanzikambe."

Kunagwa bata loti unkamva nkhunda kutsidya kwa msika. Kamzere kobiriwira kananyamuka, osati kokwawa, koma koyenda ngati munthu wopita kumalo kodziwika. Chimene chinkamveka chinali kamphepo ka m'bokosi ndi mano a a Mário pa nzimbe.

"Edmilson mwanawe, sendera. Ika khutu pabokosipa. Usaope, saluma. Ukumva chiyani?"

Edmilson anawerama. Magalasi anatsetsereka pamphumi.

"Pano… pano wangotopa. Amatero nthawi zina."

"Koma m'mawa analira?"

"Analira."

"Ke-ke-ke?"

"Ndanena kale, mdala."

"Kuposa masiku onse?"

A Mário analavula zotsalira za nzimbe, ndipo asanapukute pakamwa, kamzere kanafika kumapeto.

Apo a Hilário analowetsa dzanja m'thumba, pang'onopang'ono, monga wansembe potulutsa chikho. Anamasula kampango. Anakweza m'mwamba chitsulo cholemera chokhala ngati njerwa yaing'ono, n'kuzungulira nacho kuti aliyense achione.

"Malowera, mano a Nanzikambe ndi awa! Iyi ndi disiki yakale, imene inkalira, imene inkakuchedwetsani. Ndinaizula dzulo ndi manja angawa, mutu umene munamva kuti ukuwawa uja. M'malo mwake muli katsopano ka ku Tete, kopanda mano, kopanda chozungulira, kosadziwa kulira. Chitsulo ichi m'mawa wonse chinali m'tchalitchi! Chamva ulaliki wonse, chaimba nawo nyimbo, chapereka nane tonde! Ndiye iwe mwanawe, unamva mano a ndani?"

"Mwasintha masana ano!" anakuwa Edmilson. "Shefi, asintha pompano kuti apulumutse mkamwini wawo!"

"Iyayi!" A Mário analumpha nzimbe ili m'manja. "Ndiye chimenecho! Ndicho chimandibaya m'nthiti pabenchi mapemphero onse! Ndimayesa a Daka abwera ndi njerwa yopereka masika. Onani, pano pafiira!"

Ndipo anakweza malaya pamaso pa azimayi a kwaya, amene anakuwa n'kuphimba maso ndi zala zotakasuka.

Shefi Ilídio anali atasiya chingwe cha Nelito. Dzanja lake linali litagwira lamba wa Edmilson kumbuyo, mwakachetechete, ngati munthu wogwira mbuzi yodziwa kudumpha.

"Pitirizani, a Daka."

"Mwanayu anawerengera bwino, shefi, ndimupatse ulemu wake. Anadziwa kuti lero ndi masika, mudzi wonse uli m'tchalitchi. Anadziwa kuti munthu wolondera Nanzikambe safunsidwa kumene anali. Anaimika mota pakhomo kuti imuchitire umboni. Mayi a kunyumba atangokoka chitseko, iye sanakhale n'komwe pampando, anatulukira kuseri, m'nthochi, mpaka kwa a Georgina. Akanangokhala pang'ono, nthawi yongomasula zingwe za nsapato, akanaona kuti dziko lasintha. Koma ndani pa Malowera amayang'ana Nanzikambe akangoyamba? Pobwera anapeza ntchito yatha, monga imathera masiku onse dzuwa likafika pamutu. Ndiye anakuuzani za dzana ndi dzulo, poyesa kuti ndi za lero. Nelito anamuonadi ndi thumba, koma anamuonera m'nthochi, n'kuti uyu ndiye wondisenzera mlandu."

"Nkhani yokoma," anatero shefi. "Koma nkhani sisoka malaya. Makina ali kuti?"

"Chitsulo cholemera chotere sakanayenda nacho masana anthu akutuluka m'tchalitchi. Anachisungitsa kwa munthu wokhulupirika, kuti adzachitenge madzulo podzatenga kadi. Ndipo pa Malowera pano wokhulupirika ndani kuposa ine? Tsatireni!"

Anthu anapanikizana pakhomo la kachipinda, ena pazenera, ena anazungulira kunthochi. Anapeza mayi Judite atakhala pa jelera, manja ali pachifuwa, nkhope ngati mvula ya mu Januwale.

"Ndidzuke tsopano, kapena tidikire bishopu?"

"Dzukani, mayi. Shefi, tsegulani ndinu. Ine sindinakhudzepo."

Shefi anakweza chivundikiro. Anachotsa thumba limodzi, linzake. Pansi pake panang'anima maluwa agolide, ndipo ulusi woyera wa diresi la Stélia unali udakali pa singano.

Nthungululu ya mayi Georgina inang'amba denga. Anagwada n'kukumbatira chitsulocho, akuchitchula maina a chikondi, kenaka anatembenuka n'kugwira mapazi a Nelito.

"Mwana wanga, ndikhululukire! Ine ndinanena kuti sindikayikira munthu, anthu onsewa ndi mboni!"

Edmilson anayesa kudzipotokola kuti athawire ku mota yake, koma lamba anali m'dzanja la boma. Anangotsala akupalasa m'malere.

"Mdala," anatero ndi mawu ang'ono, "bwanji simunanene kuti mwakonza?"

"Ha! Umve mwanayu! Zaka zonsezi mumati a Daka amalankhula kwambiri, a Daka satseka pakamwa. Ndatseka tsiku limodzi lokha, wakuba wagwa m'mbuna!"

*

Chingwe chimene chinamasulidwa m'manja mwa Nelito ndi chomwecho chinamanga Edmilson. Nelito anaima akusisita m'mikono, osadziwa poyang'ana. Kenaka anagwada pamaso pa a Hilário, akuomba m'manja mwaulemu.

"Atsibweni, nilibe mawu."

"Mawu usavutike nawo, mkamwini, ndili nawo okwanira tonse awiri. Dzuka, nyamula makinawa ukawabwezere pa tebulo lawo. Ndiwe wodziwa kumanga lamba. Diresi lija lisokedwe, ukwati uli pomwepo, ndipo nyimbo zake zidzachokera pa kompyuta iyi, zonse, mkwatibwi asanamalize kumanga mpango!"

Stélia ankaseka ndi kulira nthawi imodzi. Mayi Georgina analengeza kuti mnyamatayu azibwera kudzasokera pa makina awo masiku onse amene iwo ali kumunda, ndipo Nelito anasenza mutu wa makinawo paphewa, Stélia ali pambuyo pake, azimayi a kwaya akuwaperekeza ndi nyimbo imene a Odete anayambitsa mayi Judite asanatsegule pakamwa.

Pakhonde mkangano unali utabuka kale. Ena ankati kompyutayo izitchedwa Mphenzi, ena Kabawi. A Mário ankadandaula kuti nzimbe zawo azigulanso ndani, poti olondera atha ntchito.

Kamyau inaliza hutala. Shefi Ilídio anakweza Edmilson pamwamba pa matumba a chimanga, kenaka anabwerera pakhonde n'kutambasula dzanja.

"Chitsulo chija, a Daka. Akuluakulu ku Fingoé akafuna kuchiona. Ndi umboni."

A Hilário anachipukuta ndi kampango, anachipsompsona, n'kuchipereka ndi manja awiri. Shefi anakwera kutsogolo, pambali pa dalaivala, n'kuchikhazika pamiyendo. Motero nkhalamba ija, imene moyo wake wonse sinathamangepo, inachoka pa Malowera itakhala mpando wakutsogolo, fumbi lili koboo kumbuyo kwake, wakuba ali padzuwa pamwamba pa chimanga.

A Hilário anaima pakati pa msewu, manja m'chiuno, kazaku tsopano atalungama mbali zonse ziwiri.

"Mwaona, amake Marta? Pakhomo panga ngakhale zotha ntchito zimayenda maulendo."

"Ndaona," anatero mayi Judite. "Tsopano bwerani mundithirire nyimbo za kwaya. Ndikufuna ndione ndi maso anga, mwina nanunso mwakonzedwa."